Besi wa Yuranis

Barranquilla, Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo.
Kanivala yatsala masiku asanu ndi anayi.
M'galaja ya malemu bambo mwaima masabuwufa anayi,
iliyonse yondiposa msinkhu,
pamimba pake nyalugwe wa mano agolide
amene Dagoberto anajambula chaka chomwe ndinabadwa.

Bambo ankatchuna ndi khutu,
botolo la mowa ali nalo m'manja.
Ine ndili ndi laputopu yangongole,
maikolofoni yowonda ngati pensulo,
ndi pulogalamu imene yandikana kawiri,
ati kadi ya mawu siikuiona.
Ndazula chingwe, ndauzira fumbi, ndalumikizanso.
Yaiona tsopano,
n'kuyamba kundipanikiza ngati wapolisi wa pamsewu:
maikolofoni yako ndi iti?
masipika angati? atalikirana bwanji?
Ndakwawa pansi ndi tepi:
mamita atatu ndi chikhatho chimodzi.

Ndadina batani.
Kulira kwayambira pansi pa simenti,
pa mahezi makumi awiri, komwe khutu silifika,
n'kumakwera, wuuu,
malata a denga njenjenje,
sipanala yagwa pa shelefu, ngwe!
Galu wa mayi Nicolasa wauwa kuseri kwa khoma.
Kenako zii.

Pa sikirini pagona mzere wopindikapindika.
Pa 47 pali phiri:
galaja yokha ikudziimbira nyimbo yake.
Pa 80 pali dzenje:
apa sabuwufa ikukankha mpweya,
sipika yapamwamba ikuukoka,
phokoso likudya phokoso linzake.
Ndasinthanitsa waya wofiira ndi wakuda.
Ndachedwetsa mabokosi akumanja
kachidutswa ka sekondi kosakwana kuphethira.
Phiri lija ndalisenga madesibelo asanu ndi limodzi.
Kuyesanso. Kachisanu. Kachikhumi.
Khofi wazizira, ntchentche yamiramo.
Maso a nkhono, amati, amaonedwa ndi wodekha,
koma msana wanga sukudziwa mwambi umenewo.

Dzuwa litapendeka, mzere wagona myaa
ngati mtsinje wa Magdalena tsiku lopanda mphepo.
Ndaujambula pafoni. Ndanyada.

Ndiye walowa Yuranis, mlongo wanga,
akuchokera kosoka madiresi a ovina,
ulusi wobiriwira udakali m'tsitsi.
Chibadwire sanamvepo liwu la munthu.
Wavula nsapato pakhomo,
wandikodola ndi chibwano: yatsa.

Wayenda pa simenti ngati wofuna ndalama yotayika,
chala chachikulu chikufufuza.
Wagwira bokosi loyamba. Lachiwiri.
Pa lachitatu waima,
wayendetsa chikhatho m'mbali mwa thabwa,
wandikoka dzanja n'kuliika pamenepo:
kamphepo kakutuluka, fuu, fuu,
sikulu imodzi yakhwepa.
Pulogalamu yanga sinanene kanthu za sikulu.

Ndamanga. Ndamuyang'ana. Wapukusa mutu.
Manja ake ayankhula mofulumira
moti ndamupempha abwereze.
Wabwereza: nyalugwe wamuzula mano.
Wapita pa ngodya ya pafupi ndi mzati,
pomwe simenti inaterera ndi mapazi ake
kuyambira ali ndi zaka zisanu,
waloza pansi pa nthiti zake:
bambo ankandifikira apa.

Ndayang'ana sikirini.
Phiri limene ndasenga masana onse,
limene buku lililonse limati ndi chilema cha chipinda,
ndilo linali mawu a bambo kwa iye.

Ndabweza desibelo imodzi. Wangondiyang'ana.
Ziwiri. Zala zakumapazi zapinda.
Zitatu, zinayi,
phewa lagwedezeka lokha,
ulusi uja wagwa m'tsitsi.
Mzere wanga wokongola wamera linunda.
Malata ayambanso kudandaula,
mayi Nicolasa akumenya khoma ndi tsache.

Pulogalamu ikufunsa funso lomaliza:
zimenezi ndizisunge m'dzina lanji?
Ndalemba zilembo zisanu ndi ziwiri,
ndatembenuza laputopu kuti aone.
Sakuona.
Watsinzina, akuvina.